Mafumu a Dzina Limodzi: Mmene Timasiyanitsira Ndalama Zakale za ku Roma

Ikani patebulo tindalama tiwiri tasiliva, kalikonse kochepa ngati batani la jekete, kolemera magalamu atatu kapena kuposerapo pang'ono. Pa tonse tiwiri pali mutu wa mnyamata wopanda ndevu, wayang'ana kumanja, kumutu wavala nkhata ya masamba. Mozungulira mutuwo muli zilembo, ndipo mukamawerenga mukupeza mawu amodzimodzi: ANTONINVS PIVS AVG. Woyamba kumene anena kuti ndi mfumu imodzi. Ayi ndithu. Kena ndi ka Caracalla, kena ndi ka Elagabalus, ndipo pakati pa kusulidwa kwa tiwiriti pangakhale zaka 15 kapena kuposa. Chotisiyanitsa chabisala m'munsi chakumanzere, pamene mawu amayambira. Pa ka Elagabalus pali zilembo zitatu zoonjezera, IMP.

Kufananaku sikunabwere mwangozi. Caracalla atabadwa ankatchedwa Bassianus. Bambo ake, Septimius Severus, mbadwa ya ku Leptis Magna m'dziko limene lero ndi Libya, atatenga ufumu mu 193 anafuna kudziphatika ku banja lolemekezeka la Marcus Aurelius, ndiye anamusintha dzina mwana wakeyo kukhala Marcus Aurelius Antoninus. Caracalla ataphedwa mu 217, azimayi a kuchimake anatulutsa mnyamata wa zaka pafupifupi 14, wansembe wa mulungu wa dzuwa ku Emesa, mzinda umene lero ndi Homs ku Syria, n'kuuza asilikali kuti ameneyu ndi mwana wa malemuyo. Mu 218 mnyamatayo analowa ufumu ndi dzina lomwe lija. Akuti Caracalla ndi Elagabalus ndi mayina ongowatchulira, lina lochokera ku chovala chimene mwini wake ankakonda, lina ku mulungu wa ku Emesa uja. Dzina lakuti Caracalla simudzalipeza pa ndalama ina iliyonse. Tsono muonjezerepo kuti Antoninus Pius, Marcus Aurelius ndi Commodus nawonso analemba ANTONINVS pa ndalama zawo. Mafumu asanu, dzina limodzi.

Nanga ngati pamalo pa IMP paja panaperepeseka? Mumaitembenuza. Kumbuyo kukalembedwa TR P, zilembo zimene nambala yake imayenda ngati zaka za ulamuliro, ndi nambala yoposa V, mwapeza Caracalla, chifukwa Elagabalus analamulira zaka zosakwana zinayi ndipo nambala yake inathera pa V, pamene ya Caracalla inafika XX. Kukalembedwa TR P IIII COS III, ameneyo ndi Elagabalus m'chaka cha 221, pakuti Caracalla anafika pa COS III, kutenga udindo wa boma wa COS kachitatu, ali kale pa TR P XI. Mukaona mfumu itavala mkanjo wa unsembe, ikupereka nsembe paguwa, pambali pali kanyenyezi, ndi Elagabalus. Pa ndalama zake zina za kumapeto palinso kanthu konga kanyanga kotuluka pamwamba pa chipumi. Mawu akuti BRIT kapena GERM kumapeto kwa dzina ndi a Caracalla, wokula kale, wandevu, wankhope yokwinya.

Ndayamba ndi chitsanzo chimenechi chifukwa chikusonyeza mfundo imene ine ndimaigwira zolimba pa ntchito yotolera ndalamazi: nkhope ndi imene imakopa maso, koma mboni yoyamba kuifunsa ndi zilembo. Nkhope ifunseni pomalizira, zilembo zikasowa chonena.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ganizirani mmene ndalamazi zinkapangidwira. Kunalibe makina. Mmisiri ankagoba chithunzi ndi zilembo pa chidindo chachitsulo ndi manja. Chidindo china ankachikhazika pansi, kachitsulo kosalemba pamwamba pake, chidindo chachiwiri pamwamba, kenako nyundo, phwa! Chidindo chikatha kapena kung'aluka, ankagoba china, ndipo sichinkafanana ndendende ndi choyamba chija. Mfumu imodzi imaoneka yonenepa pa ndalama iyi, yowonda pa inayo. Mfumu yatsopano ikalowa, amisiri amene anali asanaone chifaniziro chake nthawi zina ankangopitiriza nkhope ya yakale n'kusintha dzina. Komanso nyundo ikaphonya pakati, theka la mawu linkagwera kunja. N'chifukwa chake ndalama yotchipa koma yowerengeka bwino imaphunzitsa zambiri kuposa yokongola nkhope imene mawu ake anaduka.

Chilatini cha pa ndalamazi si chovuta monga chimaonekera, chifukwa ndi mawu ochepa obwerezabwereza, ofupikitsidwa. V amagwiranso ntchito ya U. IMP ndi ulemu wa mtsogoleri wa nkhondo, CAES ndi Kaisara, AVG ndi Augustus, dzina la udindo wa mfumu yeniyeniyo. P M ndi mkulu wa ansembe, P P ndi tate wa dziko, F nthawi zambiri ndi mwana wa uje. AVGG wa ma G awiri akutanthauza kuti mafumu analipo awiri. Vuto lili pakuti mawuwa amalembedwa mothithikana, opanda mipata, ndipo chilembo chimodzi chikhoza kusintha munthu. Vespasian, amene analamulira kuyambira 69 mpaka 79, ndi mwana wake Titus anali ofanana nkhope, onse a khosi lalikulu ndi chibwano cholimba, ndipo onse analemba VESPASIANVS. Pa ndalama zambiri za Titus zosulidwa bambo ake akali moyo, chomuulula ndi T mmodzi yekha kumayambiriro, T CAESAR VESPASIANVS.

Ndalama zathu za masiku ano zimalembedwa chaka. Za mafumu a Roma zilibe. Chaka mumachita kuchifukula m'maudindo. TR P ndi mphamvu imene mfumu inkalandira mongoonjezera chaka ndi chaka, choncho nambala yake imayenda ngati zaka za ulamuliro. COS ndi udindo wina waukulu wa boma umene mfumu inkautenga ikafuna, ndipo nambala imangosonyeza kuti yautenga kangati. IMP yokhala ndi nambala imawerenga kangati asilikali anailengeza mfumuyo kuti yapambana nkhondo. Manambala atatuwa sankasintha tsiku limodzi, ndipo phindu lake lili pomwepo.

Palibe amene amaonetsa zimenezi bwino kuposa Domitian, mng'ono wake wa Titus, amene analamulira kuyambira 81 mpaka 96. Kwa zaka zoposa khumi ndalama zake zasiliva zinkangobwereza mulungu wamkazi Minerva m'maimidwe anayi: akuyenda ndi mkondo ndi chishango, ataima pa chinthu chonga mphuno ya ngalawa, kadzidzi ali kumapazi, atagwira mphezi ndi mkondo, ndiponso atangogwira mkondo wokha. Mukaziika makumi awiri pamzere, mungati ndi ndalama zinayi zokha zobwerezedwa. Koma Domitian analowa ufumu mu Seputembala, ndiye TR P yake inkasintha mu Seputembala, pamene COS inkasintha mu Januwale. Ndalama yokhala ndi TR P XI kutsogolo ndi IMP XXI COS XV kumbuyo inasulidwa pakati pa Seputembala ndi Disembala 91. Ina yofanana nayo chilichonse koma yolembedwa COS XVI ndi ya pakati pa Januwale ndi Seputembala 92. Kamzere kamodzi kaja kakuuzani miyezi imene kanthu ka zaka zoposa 1,900 kanatuluka pansi pa nyundo. Ine zimenezi sizinasiye kundidabwitsa. Si mafumu onse amene ali okoma mtima chonchi. Hadrian anafika pa COS III mu 119 ndipo anangokhala pomwepo mpaka imfa yake mu 138, moti nambala imeneyo siithandiza kwenikweni.

Palinso kusiyanitsa mtengo wa ndalamayo. M'dongosolo limene Augustus anakhazikitsa, aureus imodzi yagolide inali madenarius 25 asiliva, denarius imodzi inali masestertius anayi, sestertius inali madupondius awiri, dupondius inali ma as awiri. Chisokonezo chili pa ziwiri zomalizazi, popeza kukula kwake n'kofanana. Zili zatsopano munthu sakanalakwitsa, chifukwa dupondius inali ya mkuwa wachikasu, as ya mkuwa wofiira. Koma zitagona m'nthaka zaka mazanamazana zonse zimavala khungu lobiriwira kapena lakuda. Chothandiza n'chakuti kuyambira nthawi ya Nero mfumu pa dupondius inayamba kuvala chisoti cha minga yosongoka ngati cheza cha dzuwa. Kwa akazi a mafumu ndi ana awo chizindikirocho nthawi zambiri palibe, ndipo ngakhale mabuku a akatswiri amangolemba kuti dupondius kapena as.

Chisoti cha minga chija chinadzagwiranso ntchito mu 215, pamene Caracalla anatulutsa ndalama yatsopano yasiliva imene lero timaitcha antoninianus. Ambiri amavomereza kuti inkawerengedwa ngati madenarius awiri, koma kulemera kwake kunali kwa imodzi ndi theka. Mfumukazi pa ndalama imeneyi imakhala pa mwezi wokhota. Siliva wake anapita nachepa, moti pofika kumapeto kwa ulamuliro wa Gallienus, amene anafa mu 268, inali ya mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba, siliva weniweni osakwana magawo asanu pa 100 aliwonse. Choncho mtundu wa chitsulo nawo ndi mboni. Kandalama kakuda, kopyapyala, kolembedwa CLAVDIVS, mutu uli ndi chisoti cha minga, si ka Claudius wa m'ma 41 mpaka 54 amene amatchulidwa m'buku la Machitidwe a Atumwi. Ndi ka Claudius wachiwiri, wa 268 mpaka 270.

Tsono pali malo amene zilembo zimakhala chete, ndipo apo ndi pamene nkhope imapatsidwa mpata. Mu 238 ku Africa kuno, m'dera limene lero ndi Tunisia, anthu anaukira mfumu Maximinus n'kuika nkhalamba Gordian pampando pamodzi ndi mwana wake, nayenso Gordian. Analamulira pafupifupi masabata atatu okha. Pa madenarius awo onse awiri palembedwa IMP M ANT GORDIANVS AFR AVG, osasiyana ngakhale kachilembo. Zodabwitsa n'zakuti wa tsitsi lokwanira mpaka pachipumi, wankhope yowonda, ndiye bambo. Wadazi kutsogolo kwa nkhata, wamasaya odzaza, ndiye mwana. Woyamba kumene amaganiza kuti dazi ndi la mkulu, n'kusemphanitsa. Faustina mkazi wa Antoninus Pius ndi mwana wake Faustina mkazi wa Marcus Aurelius amasiyananso ndi tsitsi: la mayi analiunjika pamwamba pa mutu, la mwana analimanga kumbuyo chakunkhongo. Pa ndalama zowakumbukira atamwalira, mayi ndi DIVA FAVSTINA, mwana kawirikawiri amaonjezeredwa PIA.

Ndalama imene ambiri mwa ife tinaimva tisanadziwe n'komwe za nkhaniyi ndi ija Yesu anaitanitsa atafunsidwa za msonkho wa Kaisara, pa Marko 12 ndi Mateyu 22, n'kufunsa kuti chithunzi ndi mawu ake ndi za yani. Otolera anazolowera kunena kuti inali denarius ya Tiberius, mfumu ya 14 mpaka 37, yosulidwa ku Lugdunum, lero Lyon ku France. Kutsogolo kuli TI CAESAR DIVI AVG F AVGVSTVS, kumbuyo kuli mayi atakhala pampando ndi mawu akuti PONTIF MAXIM. Akatswiri ena amakayika ngati inalidi imeneyi, ndipo amaloza ku ndalama za Augustus kapena za ku Antioch. Koma mbiriyo yakwanira kukweza mtengo wake, ngakhale kuti zinasulidwa zochuluka zedi mpaka zina zapezeka kum'mwera kwa India. Tiberius sanasinthe mawuwo zaka zonsezo ndipo palibe nambala ya chaka. Ndiye amazigawa bwanji? Ndi mpando. Pa zoyambirira miyendo ya mpando ndi yosalala ndipo pansi pali mizere iwiri. Pa zina miyendo ndi yokongoletsedwa ndipo mayiyo wagwira mkondo wozondoka m'malo mwa ndodo yachifumu. Pa za pambuyo pake pansi pali mzere umodzi ndipo mapazi ali pa kopondera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma kumene ambiri timayambira si kusiliva. Ndi ku tindalama tamkuwa ta zaka za m'ma 300, totsika mtengo chifukwa tinasulidwa miyandamiyanda, ndipo kumeneko ndiye kuli nkhalango yeniyeni. Pa nthawiyi amisiri anali atasiya kujambula nkhope ya munthu monga alili. Ankajambula ufumu: diso lalikulu, chibwano chofanana, mutu umodzimodzi kwa aliyense. Cha m'ma 294 Diocletian atasintha ndalama, mafumu anayi anatulutsa ndalama imodzi yolembedwa GENIO POPVLI ROMANI. Awiri mwa iwo analemba MAXIMIANVS. Ngati dzinalo likutsatidwa ndi NOB CAES kapena latsogozedwa ndi GAL VAL, ameneyo ndi Galerius, osati Maximian. Kenaka kunabwera MAXIMINVS wina, osati wa 238 uja, wosiyana nawo ndi A mmodzi.

Banja la Constantine linafika nazo pena. Bambo ndi CONSTANTINVS. Mwana wina ndi CONSTANTINVS yemweyo, koma ali Kaisara, ndiye kuti wachiwiri kwa mfumu, ankaonjezera IVN NOB C, kutanthauza wamng'ono. Wina ndi CONSTANTIVS, kusiyana kwake N mmodzi pafupi ndi mapeto. Wina ndi CONSTANS. Kuyambira 330 onsewa anatulutsa ndalama yolembedwa GLORIA EXERCITVS, asilikali awiri ataima, pakati pawo pali mbendera ziwiri zankhondo. Cha m'ma 336 ndalamayo inachepetsedwa ndipo mbendera inatsala imodzi, choncho kungowerenga mbendera mwadziwa kale mbali ya zaka. Kuyambira 348 kunabwera FEL TEMP REPARATIO, imene mtundu wake wofala kwambiri umasonyeza msilikali akubaya mdani amene wagwa ndi hatchi yake. Apa yang'anani kumutu. Wovala lamba wa mikanda, dzina lothera ndi AVG, nthawi zambiri ndi Constantius wachiwiri. Wamutu wopanda kanthu, wolembedwa CONSTANTIVS koma ndi NOB C kapena NOB CAES, ndi msuweni wake Gallus, Kaisara wa 351 mpaka 354. Wina wamutu wopanda kanthu ndi Julian.

Njira yake ndi yosavuta kuinena. Zimitsani getsi la kudenga, yatsani tochi, muiike pambali kuti kuwala kudutse chopendekera pamwamba pa ndalamayo. Zilembo zimene masana zimaoneka ngati zafufutika zimatulutsa timithunzi. Muziitembenuza pang'onopang'ono pansi pa galasi lokulitsa, mukuwerenga mipata ngakhale pamene chilembo sichikuoneka. Pakati pa I ndi V pali malo okwana chilembo china kapena palibe? Funso lonse la Constantine ndi Constantius lagona pamenepo.

Pansi pa mzere wa kumbuyo pali tizilembo tina timene ndimatikonda kuposa zonse, tonena mzinda umene ndalamayo inasulidwira. TR ndi Trier ku Germany, PLG ndi Lyon, PLN ndi London, SIS ndi Siscia, lero Sisak ku Croatia, AQ ndi Aquileia, SMN ndi Nicomedia, SMK ndi Cyzicus, SMAN kapena ANT ndi Antioch, ALE ndi Alexandria ku Egypt. Pambali pake pamakhala chilembo cha chipinda chimene chinagwira ntchitoyo. Kumadzulo ankakonda P, S, T, Q, kutanthauza choyamba, chachiwiri, chachitatu, chachinayi, pamene kum'mawa ankagwiritsa ntchito zilembo za Chigiriki. Msampha wotchuka uli apa. Mu 328 mzinda wa Arles ku France unapatsidwa dzina lakuti Constantina, ndipo ndalama zake zinayamba kulembedwa PCONST kapena SCONST. Munthu akaona CONS amathamangira kunena kuti Constantinople, mzinda umene uli kutsidya lina la ufumuwo. Kawirikawiri za ku Arles chilembo cha chipinda chimatsogola ndipo ndi cha Chilatini, za ku Constantinople chimatsatira ndipo ndi cha Chigiriki, monga CONSA ndi CONSB.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani pa kachitsulo ka mtengo wa mbale ya nsima ya mu lesitilanti. Yankho langa ndi nkhani ya Domitianus. Mu 1900 ku France kunapezeka kandalama kooneka ngati masauzande ena a mafumu opanduka a m'ma 270 a ku Gaul, dera limene mbali yake yaikulu lero ndi France, mutu wandevu ndi chisoti cha minga, koma kolembedwa IMP C DOMITIANVS P F AVG. Mfumu ya dzina limeneli m'zaka zimenezo sinkadziwika, ndipo ambiri anati ndi kachinyengo. Mu 2003 ku Chalgrove, m'dera la Oxfordshire ku England, munthu wofufuza zitsulo m'munda anapeza mphika wa ndalama pafupifupi 5,000 zitamatirirana. Akatswiri a ku British Museum pozilekanitsa imodziimodzi anapezamo kachiwiri ka Domitianus. Kameneka palibe akanakaikamo mwachinyengo. Munthu amene anadzitcha mfumu kwa kanthawi kochepa cha m'ma 271 anabwerera m'mbiri chifukwa wina sanatope kuwerenga mawu pa ndalama zooneka zofanana. Lero kali ku Ashmolean Museum ku Oxford.

Ogulitsa akamalemba RIC ndi nambala, akunena za mabuku a Roman Imperial Coinage, amene Harold Mattingly ndi Edward Sydenham anayamba kutulutsa mu 1923, ndipo voliyumu yakhumi inatuluka mu 1994. Amasanja ndalama potsata mfumu, mzinda ndi nthawi. Mabukuwa ndi odula, koma mitundu ya m'menemo ili pa intaneti mwaulere pa OCRE, ntchito ya American Numismatic Society. Chenjezo langa ndi limodzi. Mavoliyumu ena analembedwanso ndipo manambala anasintha, choncho nambala yopanda voliyumu ndi mzinda ilibe tanthauzo. Ndipo nambala imene wogulitsa walemba muziitsimikizira nokha. Ambiri salakwitsa mwadala, koma munthu amene akulemba ndalama mazana pa sabata sangawerenge N aliyense.

Za chinyengo n'zakale ngati ndalama zomwezo. M'nthawi ya Aroma momwemo anthu ankakuta mkuwa ndi kachikopa ka siliva, ndipo lero mumaona pamene kanasupuka, mkati muli mobiriwira. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. M'zaka za m'ma 1500 Giovanni da Cavino wa ku Padua anagoba masestertius okongola kwambiri otsanzira akale, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 Carl Wilhelm Becker wa ku Germany anapusitsa otolera ambiri. Apa kudziwa mbiri kumateteza kuposa galasi. Otho analamulira miyezi itatu yokha mu 69 ndipo ku Roma sanasule ndalama yamkuwa. Munthu akakuonetsani sestertius ya Otho, kaya ikongole bwanji, si yeniyeni. Zabodza zambiri za masiku ano ndi zothira m'chikombole. Yang'anani m'mphepete ngati muli msoko kapena zizindikiro za tupa, pamwamba ngati pali timaenje ta thovu, ndi zilembo ngati zafewa ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito. Ikani pasikelo: denarius ya nthawi ya Augustus imayandikira magalamu 3.8, ya pambuyo pa kusintha kwa Nero mu 64 imatsikirapo. Choopsa kwambiri ndi ndalama yeniyeni imene wina waigobanso, kuzamitsa tsitsi kapena kusintha dzina la mfumu yofala kuti likhale la yosowa. Chitsulo n'chakale, kulemera n'kolondola, koma mawu ndi adzulo.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi ndalama yotsukidwa ngati poto. Khungu lobiriwira kapena lakuda lija si litsiro. Nthawi zambiri zilembo zimakhala m'khungu momwemo, ndipo mukalichotsa ndi asidi, mchenga kapena polishi wa zitsulo, mumatsala ndi kachitsulo ka mabowomabowo kosawerengeka. Dothi lokha ndi limene limachotsedwa, ndi madzi oyera opanda mchere, kamtengo kosongola ndi masabata ambiri. Chosiyana ndi ufa wobiriwira mowala, wofewa, wotuluka ngati nkhungu. Amenewo ndi matenda a mkuwa, amadya ndalama mpaka kuiboola, ndipo chinyezi chimawakulitsa. Yotero ipatuleni msanga n'kuisunga pouma.

Funsaninso kumene ndalama yachokera. M'mayiko monga Italy, Greece, Turkey ndi Egypt zinthu zakale za m'nthaka zili m'manja mwa boma ndipo kuzitulutsa popanda chilolezo ndi mlandu. Ku England ndi Wales lamulo la Treasure Act la 1996 limafuna kuti wopeza chuma chokwiriridwa akanene. Abale athu okhala ku Britain akhoza kukaona ku Museum of Somerset chimene kuchita bwino kumabala: mu 2010 munthu wina anapeza mphika pafupi ndi Frome, sanaufukule yekha, anaitana akatswiri, ndipo ndalama 52,503 zinatulutsidwa mosanjikiza monga zinaikidwira. Ndalama yofukulidwa usiku n'kugulitsidwa mobisa imataya umboni wa malo ake mpaka kalekale. Kapepala kakale ka mwini wake woyamba, ngakhale kothimbirira, musakataye.

Ndili ndi kena kamene ndakhala ndikukabwerera kwa nthawi yaitali. Ndi ka GLORIA EXERCITVS, mbendera imodzi, ndipo pa mbenderapo pali chizindikiro cha Khristu cha zilembo ziwiri za Chigiriki zopingasana. Pansi SIS akuoneka bwino. Kumanzere kwa mutu ndimawerenga CONSTANTI mosavuta, koma nyundo inaphonya ndipo mawu a kumanja anagwera kunja. Ku Siscia pakati pa 337 ndi 340, Constantine wachiwiri ndi Constantius wachiwiri onse anadula mayina awo pamalo omwewo, wina n'kupitiriza NVS, wina VS. Pa kaenvelopu kake ndinalemba kulemera, magalamu 1.6, mzinda, zaka, ndi mayina onse awiri, pakati pake mawu akuti kapena.